Kunama kuti unali msilikali kapena wapolisi: pomwe lamulo limalanga ndi pomwe limasiya

Mu Julayi 2007, pa msonkhano wa bodi yoyang'anira za madzi ya Three Valleys ku Claremont m'chigawo cha California ku America, membala watsopano dzina lake Xavier Alvarez anaimirira kuti adzidziwitse kwa anzake. Ananena kuti anagwira ntchito m'gulu la asilikali a Marines kwa zaka 25, kuti anapuma pa ntchitoyo mu 2001, kuti anavulazidwa kangapo, ndiponso kuti mu 1987 anapatsidwa Medal of Honor, mendulo yolemekezeka kuposa zonse zomwe dziko la America limapereka kwa msilikali. Palibe chimodzi mwa izi chomwe chinali choona, pakuti Alvarez sanakhalepo msilikali ngakhale tsiku limodzi. Bodza linali chizolowezi chake: ananenapo kuti ankasewera mu timu yotchuka ya masewera a hockey ya Detroit Red Wings, ananenaponso kuti anakwatira katswiri wina wa mafilimu wa ku Mexico. Mabodza enawo anangomuchititsa manyazi, koma la menduloli linamufikitsa m'khoti, chifukwa miyezi ingapo m'mbuyomo dziko lake linali litakhazikitsa lamulo loti bodza lotere ndi mlandu.

Kuti munthu amvetse chifukwa chomwe aphungu a ku America anaonera kuti nkhaniyi ndi yofunika lamulo, ayenera kudziwa kulemera kwa mamendulowa m'dzikolo. Medal of Honor inayamba kuperekedwa pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya m'zaka za m'ma 1860, ndipo kuyambira nthawi imeneyo anthu omwe aipata ndi ongopitirira pang'ono 3,500, pakati pa mamiliyoni ambirimbiri omwe anavalapo yunifolomu. Ambiri mwa omwe anaipata kuyambira pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anaipata atamwalira kale, moti omwe anakailandira ndi makolo awo kapena akazi awo amasiye. Mendulo ina yodziwika kwambiri, Purple Heart, imaperekedwa kwa msilikali yemwe wavulazidwa kapena kuphedwa ndi adani. Nkhawa yoti anthu ena angadzikongoletse ndi ulemu umene sanauvutikire ndi yakale ngati dzikolo: mu 1782, George Washington pokhazikitsa zizindikiro zaulemu za asilikali ake analamula kuti aliyense wodzivalira zizindikirozo popanda kumuyenera alangidwe kwambiri. Mu 1923 panakhazikitsidwa lamulo loletsa kuvala, kupanga kapena kugulitsa mamendulo popanda chilolezo, ndipo mu 1996 kampani ya HLI Lordship Industries, yomwe boma lenilenilo linaipatsa ntchito yopanga mamendulo, inalipitsidwa chindapusa cha madola 80,000 chifukwa chogulitsa mwamseri mamendulo 300 a Medal of Honor.

Lamulo lakalelo linkagwira munthu wovala, koma silinkamukhudza munthu wongolankhula. Wina akanatha kuyendayenda m'masukulu ndi m'misonkhano n'kumafotokoza za nkhondo yomwe sanaionepo, bola pachifuwa pake pasapezeke kachitsulo. Mpata umenewu ndi umene lamulo lotchedwa Stolen Valor Act la 2005 linabwera kudzatseka. Pulezidenti George W. Bush analisainira mu Disembala 2006, pa nthawi yomwe asilikali a ku America anali kufa ku Iraq ndi ku Afghanistan. Linati aliyense wonena kapena kulemba monama kuti anapatsidwa mendulo ya usilikali akhoza kukakhala kundende mpaka miyezi 6, ndipo ngati bodzalo likukhudza mamendulo apamwamba monga Medal of Honor kapena Purple Heart, chilangocho chikhoza kufika chaka chathunthu. Chachikulu n'chakuti boma silinkafunika kusonyeza kuti wonamayo wapindulapo kanthu kapena kuti wina wapwetekedwa ndi bodzalo. Mawuwo paokha anali mlandu.

Alvarez anavomera mlanduwo, koma anadzisungira ufulu wochita apilo ponena kuti lamulolo likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Anamulamula kulipira madola 5,000, kugwira ntchito yothandiza anthu kwa maola 416, ndiponso kukhala pansi pa uyang'aniro wa khoti kwa zaka 3. Mu 2010 khoti la apilo la m'chigawo chakumadzulo linagwirizana naye, ndipo nkhaniyo inakafika ku khoti la Supreme, lomwe linapereka chigamulo chake pa 28 Juni 2012. Majaji 6 anati lamulolo ndi losavomerezeka, ndipo majaji 3 anatsutsa.

Funso lomwe linali pamaso pa khotilo silinali loti kaya bodza la Alvarez linali labwino kapena loipa, pakuti majaji onse analinyansidwa nalo. Funso linali loti kaya boma lili ndi mphamvu yotsekera munthu m'ndende chifukwa cha mawu abodza okha. Gawo loyamba la zosintha za malamulo oyendetsera dziko la America limaletsa nyumba ya malamulo kupanga lamulo lochepetsa ufulu wolankhula. Kuyambira kale makhoti amavomereza kuti pali mabodza ena omwe satetezedwa ndi ufuluwu, monga kunama utalumbira m'khoti, kuipitsa mbiri ya mnzako, ndi kubera munthu mwachinyengo. Maloya a boma ankafuna kuti khoti linene kuti bodza lililonse lonenedwa mwadala lilibe chitetezo. Jaji Anthony Kennedy, polemba m'malo mwa majaji anayi, anakana zimenezi. Anati pa mabodza onse omwe malamulo amalanga pamakhala chovulaza chenicheni chomwe munthu angachiloze, ndipo ngati boma lingaloledwe kulanga bodza pongoti ndi bodza, ndiye kuti palibe chomwe chingaliletse kulemba mndandanda wa nkhani zina zomwe nzika siziyenera kunamapo, ngakhale polankhula monong'ona m'nyumba mwawo. Anati mankhwala a mawu abodza ndi mawu oona, ndipo anakumbutsa kuti Alvarez anali atanyozedwa kale m'manyuzipepala ndi pa intaneti anthu atangodziwa zoona zake. Anawonjezera kuti boma likanatha kuteteza ulemu wa mamendulo mwa njira ina yosavuta, monga kusindikiza kaundula wa anthu onse omwe anawapata.

Jaji Stephen Breyer, mothandizana ndi Jaji Elena Kagan, anafika pa mfundo yomweyo podzera njira ina. Iye anavomereza kuti cholinga cha lamulolo chinali chabwino, koma anati linali lotambalala mopitirira muyeso, moti likanatha kugwira munthu wongodzitama pakati pa abale ake, ndipo linkapatsa oimira boma pa milandu mpata wosankha yemwe akufuna kumuzenga, makamaka pa nthawi ya chisankho. Analoza aphungu njira: alembenso lamulolo kuti ligwire bodza lomwe labweretsa phindu kapena chiwonongeko chooneka.

Mawu a Jaji Samuel Alito, yemwe anatsutsa pamodzi ndi Antonin Scalia ndi Clarence Thomas, ndi oyenera kuwamva mofatsa, chifukwa akunena zomwe mabanja ambiri a asilikali amamva mumtima. Iye anati lamulolo silinkakhudza maganizo a munthu pa ndale, pa chipembedzo kapena pa mbiri ya dziko, koma linkakhudza chinthu chimodzi chomwe wolankhulayo amachidziwa bwino lomwe, ndicho kuti anapata mendulo kapena sanapate. Palibe yemwe angaiwale kuti analandira Medal of Honor. Anatchulanso lipoti loti m'chaka chimodzi chokha anthu oposa 600 a m'chigawo cha Virginia ananama kuti anapata menduloyi. Kwa iye, mabodza otere akachuluka amachititsa kuti ngakhale mwini wake weniweni wa mendulo akayikiridwe, monga momwe ndalama zachinyengo zikachuluka pamsika wogulitsa amayamba kutembenuzatembenuza ndalama iliyonse, ngakhale yeniyeni.

Ine ndimaona kuti kupweteka komwe Alito anafotokoza ndi kwenikweni, ndipo sindikhulupirira kuti kaundula wa pa intaneti angatonthoze mayi yemwe mwana wake anafera pa nkhondo mu mzinda wa Fallujah ku Iraq pomwe akuona munthu wina akuomberedwa m'manja chifukwa cha nkhondo yongopeka. Komabe ndimagwirizana ndi majaji 6 aja, chifukwa mphamvu yomangira munthu pa mawu okha ikaperekedwa kwa boma pa nkhani yomwe aliyense akugwirizana nayo, siichedwa kugwiritsidwa ntchito pa nkhani zomwe anthu sakugwirizana. Mbiri ya Alvarez mwini wake ikusonyeza pomwe malire ayenera kukhala. Iye anakalowa ndithu kundende, koma osati chifukwa cha mendulo: anapezeka wolakwa pa mlandu wolembetsa mkazi yemwe anali atasudzulana naye kale pa inshuwalansi ya zaumoyo yomwe bodi ya madzi ija inkalipira. Bodza limenelo linatenga ndalama za anthu, ndipo palibe khoti lomwe linaliteteza.

Boma linatsatira malangizo onse awiri, a Kennedy ndi a Breyer. Patangopita mwezi umodzi chigamulo chitaperekedwa, unduna wa zachitetezo unatsegula kaundula wa pa intaneti wa anthu omwe anapata mamendulo apamwamba. Kenako pa 3 Juni 2013 Pulezidenti Barack Obama anasainira Stolen Valor Act yatsopano, yomwe ikugwira ntchito mpaka lero. Lamuloli likuti ndi mlandu kunama kuti unapata amodzi mwa mamendulo otchulidwa m'lamulomo ndi cholinga chopeza ndalama, katundu kapena phindu lina logwirika, ndipo chilango chake ndi chindapusa kapena ndende yosapitirira chaka chimodzi. Zigawo zambiri zinapanganso malamulo awo ofanana ndi limeneli. Mu 2016 khoti la apilo lija linapitiriza mfundo ya Alvarez pa mlandu wa Elven Swisher, ponena kuti kungovala mendulo yomwe sunapate ndi njira inanso yolankhulira, motero sikungalangidwe pakokha. Milandu ina ya Swisher, yokhudza ndalama zomwe analandira ku boma pogwiritsa ntchito zikalata zabodza, inakhalabe pomwepo.

Phindu logwirikalo ku America ndi lalikulu, ndipo ndi chifukwa chake chinyengochi sichitha. Msilikali wopuma amapatsidwa mwayi woyamba pofunsira ntchito za boma, amalandira chithandizo m'zipatala za unduna woona za asilikali opuma, amalandira ndalama mwezi ndi mwezi ngati analumala pa ntchito, ndipo kampani yake ikhoza kupatsidwa makontirakiti omwe boma limasungira asilikali olumala okha. Pamwamba pa izi pali mabungwe achifundo omwe amasonkhanitsa ndalama zochuluka.

Mlandu wa Sarah Cavanaugh wa ku Rhode Island ukusonyeza momwe zimachitikira. Mayiyu sanali msilikali, koma ankagwira ntchito yothandiza odwala pa chipatala cha asilikali opuma mu mzinda wa Providence, ndipo ntchitoyo inamupatsa mwayi woona mafayilo a odwala enieni. Anatenga chikalata chotulukira usilikali, chomwe ku America amachitcha DD-214, cha msilikali wina wa Marines, n'kuikapo dzina lake. Anatenganso zikalata zachipatala za msilikali wina yemwe ankadwaladi khansa n'kuzisandutsa zake. Kwa zaka zingapo ankauza anthu kuti anavulazidwa ndi bomba ku nkhondo ndipo akudwala khansa ya m'mapapo chifukwa cha utsi wa maenje otenthera zinyalala a m'misasa ya asilikali. Ankavala yunifolomu yokhala ndi Purple Heart ndi Bronze Star pa miyambo, anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa nthambi ya bungwe la asilikali opuma la VFW m'dera lake, ndipo analandira ndalama ndi chithandizo choposa madola 250,000. Mu Malichi 2023 anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 70. Tiyenera kuona kuti zaka zambiri za chilangochi zinachokera ku malamulo wamba oletsa chinyengo ndi kuba dzina la munthu wina, pakuti lamulo la mamendulo palokha silikanapitirira chaka chimodzi. Ena amati izi zikusonyeza kuti lamulo la 2013 ndi longokongoletsa, chifukwa kuba mwachinyengo kunali kale mlandu. Pali choona m'mawu amenewo, ngakhale kuti lamuloli limathandiza kuti khoti litchule poyera dzina la choipa chomwe chachitika.

Mfundo yoti mawu oona ndiwo mankhwala ili ndi mbali yake yowawa. Kwabadwa magulu a anthu omwe ntchito yawo ndi kusaka asilikali abodza, kuwajambula ndi foni, ndi kuika makanemawo pa YouTube ndi pa Facebook. Ena mwa maguluwa amafufuza mosamala, amalembera ku malo osungira mafayilo a asilikali ku St. Louis, n'kudikira yankho asanatchule munthu dzina. Ena amangoona batani lomwe lakhala mopendama pa jekete n'kuyamba kukuwa. Mu 2015 ku Harrisburg m'chigawo cha Pennsylvania, bambo wina wa zaka za m'ma 70 ananyozedwa pagulu kuti ndi wabodza, ndipo pambuyo pake zinatsimikizika kuti anagwiradi ntchito mu Marines. Ngakhale mafayilo enieniwo sali athunthu, chifukwa moto womwe unabuka ku St. Louis pa 12 Julayi 1973 unawononga mafayilo a pakati pa 16 ndi 18 miliyoni, ambiri mwa iwo a asilikali a pamtunda omwe anatuluka ntchito pakati pa 1912 ndi 1960. Kusapezeka kwa dzina m'kaundula si umboni woti munthu wanama. Kulemera kwa chinenezo chotere kunaoneka mu Meyi 1996, pomwe Jeremy Boorda, mkulu wa asilikali onse a pamadzi a ku America, anadzipha tsiku lomwe atolankhani amayenera kudzamufunsa za tizizindikiro tiwiri ta nkhondo ya ku Vietnam tomwe anavalapo, tomwe ena ankati sitinali tomuyenera.

Maiko ena sanamange manja awo ngati America. Ku Canada, gawo 419 la malamulo a milandu limaletsa kuvala yunifolomu kapena mendulo yosakuyenera, ndipo Franck Gervais, yemwe anafunsidwa mafunso pa wayilesi ya kanema ya CBC atavala ngati msilikali pa mwambo wokumbukira ofera ku nkhondo ku Ottawa mu Novembala 2014, anavomera mlandu chaka chotsatira. Ku Australia lamulo la zachitetezo la 1903 limalanga wodzitcha msilikali wobwera ku nkhondo monama, koma mwambo umalola mwana kapena mdzukulu kuvala mamendulo a kholo lake kumanja kwa chifuwa, pomwe mwini wake amavala kumanzere. Ku Britain, lamulo lomwe linkaletsa kuvala mamendulo monyenga linatha mphamvu mu 2009 malamulo a asilikali atalembedwanso, ndipo bilu ya phungu Gareth Johnson yofuna kubwezeretsa chiletsocho inafera m'nyumba ya malamulo mu 2017. Chotsala kumeneko ndi lamulo la mayunifolomu la 1894 ndi malamulo a chinyengo.

Nkhani imasintha kotheratu tikafika pa wapolisi, wozimitsa moto ndi wa ambulansi. Munthu wonama kuti anamenya nkhondo zaka 30 zapitazo akupempha ulemu, pomwe munthu wovala yunifolomu ya polisi lero akulamula kuti amveredwe. Dalaivala amaimitsa galimoto akaona magetsi othwanima kumbuyo, mwini nyumba amatsegula chitseko usiku, ndipo wovulala amalola kugwiridwa thupi ndi munthu yemwe sakumudziwa, zonsezi chifukwa chokhulupirira chovala. N'chifukwa chake ngakhale m'chigamulo cha Alvarez majaji ananena momveka kuti malamulo oletsa kudziyesa wogwira ntchito ya boma sakukhudzidwa. Ku America, wodziyesa wogwira ntchito ya boma lalikulu n'kuchitapo kanthu ngati woteroyo akhoza kumangidwa mpaka zaka 3, ndipo zigawo zili ndi malamulo awo okhudza apolisi ndi ozimitsa moto. Ku California, komwe madera athunthu amasamutsidwa moto wolusa ukabuka, nkhaniyi ndi ya tsiku ndi tsiku: pa moto wa ku Los Angeles wa Januwale 2025, apolisi anagwira anthu angapo omwe anavala ngati ozimitsa moto kuti alowe m'madera otsekedwa momwe nyumba zinali zopanda eni ake. Ku Britain, kudziyesa wapolisi ndi mlandu pansi pa lamulo la polisi la 1996, ndipo dzina la ntchito ya wachipatala wa mu ambulansi ndi lotetezedwa, moti wosalembedwa m'kaundula sangadzitche dzinalo.

Zoopsa zazikulu za chinyengo chamtunduwu zalembedwa ndi magazi. Pa 22 Julayi 2011, Anders Breivik anafika pa chilumba cha Utøya ku Norway atavala ngati wapolisi, nanena kuti wabwera kudzateteza achinyamata omwe anali pa msasa bomba litaphulika ku Oslo, ndipo anapha anthu 69 pa chilumbacho. Pa 14 Juni 2025 ku Minnesota, munthu wovala ngati wapolisi, yemwe anafika pa galimoto yooneka ngati ya polisi, anagogoda pa nyumba za aphungu usiku, napha Melissa Hortman, yemwe anakhalapo sipikala wa nyumba ya malamulo ya chigawocho, pamodzi ndi mwamuna wake, atavulaza kale phungu John Hoffman ndi mkazi wake.

Pa milandu ngati iyi, chilango cha zaka zitatu sichiopseza munthu yemwe watsimikiza kale kupha, ndipo apa ndi pomwe opanga malamulo ayamba kuyang'ana kwina, kusiya mawu a wonamayo n'kuyang'ana zipangizo zomwe zimachititsa kuti bodza lake likhulupirike. Chitsanzo chake ndi Nova Scotia ku Canada. Pa 18 ndi 19 Epulo 2020, Gabriel Wortman anapha anthu 22, kuyambira m'mudzi wa Portapique, akuyenda pa galimoto yomwe anaikongoletsa kuti ifanane ndendende ndi ya RCMP, polisi ya dziko la Canada, atavalanso mbali zina za yunifolomu yeniyeni. Galimotoyo inali ya polisi kale, ndipo anaigula itachotsedwa pa ntchito, kenako n'kubwezeretsamo mizere, zizindikiro ndi magetsi a padenga. Ena mwa omwe anaphedwa anakumana naye pamsewu m'mawa wa tsiku lachiwiri, pa nthawi yomwe anthu ambiri anali asanauzidwe kuti wakuphayo akuoneka ngati wapolisi. Mu Januwale 2021 boma la Canada linaimitsa kugulitsa magalimoto akale a RCMP kwa anthu wamba, ndipo chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya Nova Scotia inavomereza Police Identity Management Act, lamulo lomwe limaletsa munthu wamba kusunga, kugulitsa kapena kupanga mayunifolomu, mabaji ndi zizindikiro za galimoto zomwe apolisi akugwiritsa ntchito, ndiponso limalamula kuti galimoto ya polisi ichotsedwe zizindikiro ndi zipangizo zake zonse isanagulitsidwe.